Ndevu za Bulaza Gabrieli

Lumo linali kale m'manja mwa wometa pamene njinga ya Bulaza Gabrieli, Msipanishi wa ku mishoni, inaima pa Chiparamba. Linali tsiku lometa maliro a Andireya, kalipentala amene anapala naye matabwa zaka zambiri. Rozi, mkazi wa malemuyo, anangoona ndevu zotuwazo misozi n'kuyambiranso.

Bulaza anavula chipewa nakhala pamphasa ya ofedwa.

"Mlamu, muuzeni adzuke," ananong'ona Edmond, mkulu wake wa Andireya. "Kumeta n'kwa abale. Ku Fort Jameson ife timagulira pawindo, azungu m'kati mwa sitolo. Lero ubale wachokera kuti?"

Rozi anachita mantha. Akamudzutsa, mnzake wa mwamuna wake achoka ngati mlendo. Akamusiya, alamu akwiya, pamene munda ndi ana zili m'manja mwawo.

Koma anakumbukira phokoso la Andireya. Bambo uja Chingelezi ankachithyola bwino ndithu, koma Chisipanishi chinamukanika ngati mbuzi yokana chingwe. Ankabwera kunyumba akudandaula: "Iwe Rozi, kwa anthu awa tebulo ndi lalikazi, msomali ndi wamwamuna! Ndiye ukati 'ndili', pali mawu awiri, ndipo ine ndimatola olakwika nthawi zonse."

"Alamu," anatero Rozi, "ang'ono anu anapangana ndi munthuyu. Anati tsiku limene Andireya adzalankhule Chisipanishi mpaka dzuwa kulowa osaphonya, adzamumeta ndevuzi."

"Ndiye anakhoza?" anafunsa Edmond.

"Ayi ndithu," anayankha Bulaza m'Chinyanja chake chopindika. "Mlungu watha anafika masana. Anagwa pa mawu oti supuni."

Wina mwa amayi anaseka, nadzigwira pakamwa. Edmond anayang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala cha kuphazi.

Rozi analowa m'nyumba natulutsa kansalu komanga bwino. M'katimo munali lumo lina, lonyezimira.

"Ankalinola Loweruka lililonse," anatero. "Amati, 'Mlungu uno wokha, Rozi, ndevu zija zapita.'"

Edmond analandira lumolo, naliyesa pachala. Linali lakuthwa moti anadzidzimuka. Anapukuta maso ndi mkono wa malaya, nagwada pamphasa pamaso pa mzunguyo.

"Kwezani chibwano, achimwene," anatero.