Mlambe wa pa Paketi

Ine Davies, mwana wa ku Ndirande amene ndinayamba ndi kugulitsa zitumbuwa pa siteji, lero ndili ndi nyumba yosungiramo katundu ku Jebel Ali. Ku Guangzhou ndafikako, ku Istanbul ndafikako, pasipoti inadzaza kawiri. Ufa wa malambe umene anthu amathira mu juwisi muno mu Dubai, wambiri ndi wanga. Ndikunena izi kuti mudziwe kukula kwa munthu amene anagwidwa ndi manyazi tsiku lija.

Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo ndinagula malo a milambe ku Makanjira n'kuwazinga ndi waya. Eni dera anadandaula, koma ine ndinali m'ndege. Chaka chatha wogula wanga wamkulu, Bambo Faruku, anandiuza kuti sadzalandiranso ufa wanga pokhapokha eni nthaka atakhala ndi gawo mu bizinesiyo. Ndinati zazing'ono. Ndinatumiza tikiti kwa Mayi Mwanahawa, wapampando wa amayi otola malambe, kuti adzasaine mgwirizano kuno.

Atafika ndinawayendetsa mu Bur Dubai monse, ndikuwalozera nyumba zazitali ngati ndinamanga ndine. Iwo ankangoti, “Zikomo, bambo.”

M'mawa mwake dalaivala wanga Lubinda, wa ku Chipata, anatifikitsa ku Jebel Ali. Bambo Faruku anali atakhala kale patebulo, akumwa juwisi wa malambe. Pakhoma ndinali nditapachika chinsalu chachikulu cha chithunzi chimene chili pa paketi yanga iliyonse: mlambe wonenepa, nthambi zili tambalale.

“Mayi, taonani!” ndinatero. “Mtengo wakwanu unafika ku Dubai inu musanakwereko ndege!”

Mayi Mwanahawa anaika cholembera pansi. Anayandikira chinsalucho, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

“Bambo Davies, mtengo uwu mumaudziwa?”

“Ndinaujambula ndekha. Ndi umene umabereka kuposa yonse.”

“Mumatola malambe ake?”

“Chaka ndi chaka. Anyamata anga ochokera ku Limbe sasiya ndi limodzi lomwe.”

Analoza m'munsi mwa chithunzicho. “Nanga timilu iti mumati n'chiyani?”

“Mizere yakale ya chinangwa,” ndinayankha, koma mawu anali atayamba kale kuchepa.

“Apa pagona amayi anga. Apa ana anga awiri. Malambe a pamanda ife sititola, bambo. Amagwa n'kuolera pomwepo, ndi a ogonawo. Zaka zonsezi dua timapempherera kunja kwa waya, mlonda wanu akutiyang'ana.”

Mufiriji ya mu ofesimo mukanakhala malo ndikanalowamo ndi manyazi. Makalata awo a madandaulo ndinkawalandira, inde, koma sindinawerengepo ndi imodzi yomwe mpaka kumapeto.

Bambo Faruku anafunsa m'Chingerezi chimene chachitika. Ine, amene ndimatsutsana mitengo m'zinenero zinayi, ndinasiyira dalaivala kuti atanthauzire. Lubinda anandiyang'ana.

“Abwana, niwauze vonse, olo nichoseko pang'ono?”

“Auze zonse,” ndinatero.

Lubinda atamaliza, Bambo Faruku anayang'ana kapu yawo, n'kuikankhira kutali pang'onopang'ono. “Khalas,” anatero, kutanthauza kuti basi zatha, natseka faelo. Anati adzaitsegulanso tsiku limene mayiwa adzawauze okha.

Apo ubwana unandibwerera pang'ono. “Mayi, ndikukumbirani mjigo. Ndikumangirani mzikiti wa matailosi. Gawo lanu ndikuwonjezera pompano.”

“Mukutsatsa malonda pamanda?” anandifunsa, osakweza mawu. “Gawo tikulifuna, musaganize kuti sitikulifuna. Ana athu akufuna sukulu. Koma choyamba dulani waya. Chachiwiri mubwere nokha, osati pa foni. Mudzakhale pansi pamaso pa mabanja amene ali ndi anthu awo pamenepo, mudzanene ndi pakamwa panu chimene munachita. Akakumverani, cholembera ndidzachitola ndekha.”

Ndinaimbira mlonda wanga pomwepo, onse akumva, kuti adule waya mbali ya kumanda ndipo wina asayandikirenso mtengo uja. Kenako ndinakwera pamakwerero, nditavala suti yanga ya ku Istanbul, n'kumasula chinsalu chija ndekha. Antchito anga a ku Kerala anasiya kunyamula makatoni, akuonerera bwana wawo akulimbana ndi zingwe. Nditatsika sindinadziwe pochiika. Kuchiponya pansi sikukanatheka. Mayi Mwanahawa anatambasula manja, nachipinda bwinobwino ngati nsalu ya pemphero, n'kuchiika m'chikwama chawo.

Patapita masiku awiri tinanyamuka limodzi ulendo wa ku Makanjira, pepala la mgwirizano lija lisanasainidwe. Potsitsa zikwama pa bwalo la ndege, Lubinda anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

“Abwana, iyi suti muvule. Kwamene muyenda kulibe mipando.”

Mayi Mwanahawa anaseka koyamba chifikireni ku Dubai. Ine ndinavula jekete, n'kumupatsa Lubinda kuti abwerere nalo.