Mabulosi ndi Buluku Loyera la Bai Parvan

Paki yathu ili pakati pa nyumba zosanjikizana, chakumapeto kwa mzinda wa Plovdiv, kuseri kwa siteji ya basi. Ndi yaying'ono. A khonsolo amabwera kudzatchetcha udzu akakumbukira, ndipo sakumbukira kawirikawiri. Zina zonse timachita tokha: kusesa, kuthirira maluwa, kupenta mabenchi, kukalipira eni agalu. Tili ndi komiti, wapampando wake ndi Lelya Tsvetanka (Lelya kwathu kuno ndi monga kunena azakhali), amene kale ankaphunzitsa masewera olimbitsa thupi kusukulu. Ntchito anapuma, koma wenzulo sanabweze. Loweruka m'mawa ukamva wenzulo pansi pa zenera lako, ungodziwa kuti tulo tathera pomwepo, tenga tsache. Ine ndine Bozhana, ndimagulitsa mankhwala m'famase ya pakona, ndipo m'komitimo anandiika woyang'anira maluwa chifukwa tsiku losankhana sindinapite.

Pakati pa pakiyo pali mtengo waukulu wa mabulosi akuda. Pansi pake pali mabenchi ndi tebulo la simenti pomwe azibambo amasewerera tchesi. Mthunzi wake ndi wokoma, koma mwezi wa Juni ukafika zipatso zimapsa n'kumangogwa zokha, pansi ponse phalaphala, njuchi ng'wee.

Mmodzi mwa okonda mthunziwo anali Bai Parvan (Bai ndi ulemu woitanira bambo wamkulu), bambo wamasiye amene anakalambira kuimba chitoliro m'maukwati. Munthuyo ndi wodzisamala. Nyengo yotentha ikayamba amavala buluku loyera, malaya oyera, nsapato zonyezimira, ngakhale akupita kukataya zinyalala. Mwana wawo wamkazi, Radoslava, anali atapeza mwamuna, dzina lake Kamen, wa ku Karlovo, wogwira ntchito yokwera mapolo a magetsi. Bai Parvan ankafuna mkamwini dokotala, choncho nkhani ya ukwati ikayambika ankangoti, "Tiona."

Amayi ake a Kamen, Mayi Nevena, anawaitana Bai Parvan kuti akadyere limodzi nkhomaliro m'tauni, adziwane. Tsikulo Bai Parvan anatuluka nthawi ikadalipo, nakhala kaye pa benchi kuti alangize osewera tchesi, amene sanawapemphe malangizo. Atanyamuka, kumbuyo kwa buluku kunali mabanga awiri akuda bii, ozungulira bwino ngati maso a kadzidzi.

Mnzawo wa tchesi, Bai Spas, anaona, koma inali nthawi yawo yosuntha hatchi ya patchesipo. Lelya Tsvetanka anaona ali ndi kheni yothirira maluwa m'manja, naganiza kuti kufuula pagulu n'kumunyozetsa munthu wamkulu. Ine ndinaonera pa zenera la famase ndili ndi kasitomala wofunsa mankhwala a chifuwa. Aliyense anati wina awauza kutsogoloko. Bai Parvan anadutsa paki yonse mutu uli m'mwamba, akupereka moni uku ndi uku, nakwera basi.

Zakumeneko anatiuza ndi Radoslava. Akuti bambo ake anaimirira ndi kapu ya rakiya, kachasu wathu wa zipatso, nayankhula mawu okoma ngati aja ankawamva m'maukwati, kenako anatembenuka kuti aitane woperekera zakudya. Tebulo lonse linaona mabanga aja. Mwanayo atawanong'oneza, anakhala pansi osadzukanso mpaka mbale zitachotsedwa. Kunyumba anabwera atamanga juzi ya Kamen m'chiuno, dzuwa likuswa mtengo.

Mawa lake madzulo anaitanitsa msonkhano wa komiti, ndipo anthu anabwera ambiri kuposa tsiku lopenta mabenchi.

"Mtengo uwu udulidwe," anatero Bai Parvan ali chiimire. "Osati chaka chamawa. Sabata ino."

"Khalani pansi tikambirane, Bai Parvan," anatero Lelya Tsvetanka.

"Pa benchi imeneyo? Khalanipo nokha."

"Ndingofunsa ine. Mabulosiwo anakutsatirani, kapena munawakhalira ndinu?"

"Inu a Tsvetanka, musandifunse ngati mwana wasukulu woiwala nsapato. Munandiona inu, simunanene. A Spas munandiona. Bozhana, iwe mwana wanga, ndimagula mankhwala a bondo kwa iwe!"

Ndinayang'ana pansi. Koma Bai Spas alibe manyazi.

"Achimwene, musadandaule," anatero. "Asewere anu aona kuti ndinu munthu wokongola kutsogolo, kumbuyo kokongoletsa. Ndi angati ali ndi mwayi umenewo?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Bai Parvan anadikira kuti amalize.

"Sekani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Ndipo sanali okha. Amayi a ana aang'ono anadandaula kuti mateyala a ngolo za ana amalowetsa utoto wa mabulosi mpaka m'nyumba. Eni magalimoto anati mbalame zikadya zipatsozo zimakasiya umboni pa magalasi. Koma okalamba ambiri anati mtengowo anaupeza nyumba zathu zisanamangidwe, ndipo popanda iwo paki yonse ikhala chiwaya. Titakweza manja, mbali zonse zinalingana. Lelya Tsvetanka anakumbutsa anthu kuti kudula mtengo kumafuna chilolezo cha khonsolo, ndipo aliyense akudziwa mmene khonsolo imafulumirira. Tinagwirizana zongosuntha mabenchi.

Tinawasunthadi, kuwaika pafupi ndi mpanda. Kumeneko dzuwa limawomba tsiku lonse, moti ngakhale amphaka sanakhalepo. Sabata isanathe mabenchi anapezeka abwerera pansi pa mtengo. Palibe anavomera kuti anawanyamula, kungoti Bai Spas anabwera ku famase kudzagula mafuta opaka pamsana.

Ndiye ine ndinaganiza zina. Ndinati m'malo modikira kuti zipatso zizigwa zokha, bwanji tizizigwetsa tokha pa nsalu, tiphike jamu. Komiti inavomera. Bai Parvan anati iwo dzanja lawo silikhudza nawo ntchito yonyengerera mdani.

Loweruka wenzulo unalira. Amayi anatulutsa nsalu zakale zapabedi, tinagwira m'makona, azibambo nayamba kumenya nthambi ndi mitengo ya tsache. Zimene zinkagwa zinali masamba, timitengo ndi zipatso zosapsa. Bai Parvan anali pa khonde la nyumba yawo m'mwamba, kapu ya khofi m'manja, akuonetsa ngati akuwerenga nyuzipepala.

"Mukuukwapula ngati kapeti!" anafuula patapita kanthawi.

"Si mwati sizikukukhudzani?" anayankha Lelya Tsvetanka.

"Sizikundikhudza. Ndikungomva chisoni. Kwathu kumudzi mtengo wotere unali pakhomo. Sakwapula, amakwera n'kugwedeza nthambi pang'onopang'ono, zakupsa zokha n'kumagwa."

"Tsikani mutiwonetse."

"Ine ayi."

Bai Spas anamenyanso nthambi, dala, mwamphamvu, tsamba lililonse likuuluka. Titayang'ananso pa khonde panalibe munthu. Posakhalitsa Bai Parvan anatulukira pakhomo atavala ovolosi yakale yabuluu imene palibe ankadziwa kuti ali nayo. Ngakhale imeneyo inali yosita.

Anabweretsa makwerero, nawatsamiritsa ku thunthu. Anakwera bwinobwino, nafika pa mphanda yoyamba, nagwira nthambi n'kuigwedeza. Mabulosi anagwa ngati mvula, akuda okhaokha, nsalu mpaka kulemera. Amayi anakuwa ndi chimwemwe, ena anaomba m'manja, ndipo munthu amene wakhala moyo wake wonse akuomberedwa m'manja sangaimire pomwepo. Anakwera nthambi ina, kenako ina, akuimba nyimbo ya ukwati ndi mluzu. Mabeseni anadzaza, ndowa zinadzaza.

"Zakwana, Bai Parvan, tsikani!" ndinafuula.

Mluzu unasiya. Anayang'ana pansi, nakumbatira nthambi ndi manja onse awiri.

"Ndipume kaye. Kuno kukuwomba kamphepo kabwino."

Tinadikira. Kamphepoko kanapitirira kukoma. Lelya Tsvetanka anazindikira msanga, poti kusukulu anaonapo ana ambiri atakanirira pamwamba pa chingwe. Anaima pansi pa mtengo naimba wenzulo.

"Mwendo wamanzere pansi! Wamanzere, bambo inu, umenewo ndi wamanja!"

"Musandiimbire wenzulo, sindine galu! Miyendo yanga ndimaidziwa ndekha."

"Ndiye iuzeni itsike."

"Yakana."

Wina anati tiitane ozimitsa moto. Mawu anachokera m'masamba akuti tikangoyerekeza, iwo asamuka mumzinda uno osatsanzika. Bai Spas anadzipereka kukwera, koma akazi awo anawagwira malaya n'kuwauza kuti nkhalamba imodzi mumtengo yakwanira.

Tili m'kati mokangana, pa geti la paki panalowa Radoslava, Kamen, ndi mayi wina wamtali wovala bulauzi yoyera, atanyamula thireyi ya banitsa, chigumu chathu cha tchizi, yovundikira ndi kansalu. Anali Mayi Nevena. Anabwera kudzabweza ulendo, poganiza kuti mwina nkhomaliro ija sinathe bwino.

"Lelya Tsvetanka, bambo sakuyankha kunyumba. Mwawaonako?" anafunsa Radoslava.

Tonse tinangoyang'ana kumwamba, nawonso anayang'ana komweko. Pakati pa masamba pankaoneka nsapato ziwiri za Bai Parvan.

Mayi Nevena anandipatsa thireyi ija, nasendera pafupi, naphimba maso ndi dzanja.

"Asewere, muli bwanji m'mwambamo?"

"Tili bwino, asewere," anayankha Bai Parvan ndi ulemu wonse. "Kaya inu pansipo? Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino. Kodi mutsika, kapena tikupezeni komweko?"

Kamen anavula wotchi napatsa Radoslava, nakwera mtengowo ngati akukwera masitepe a kwawo. Atafika anakhala pa nthambi yoyandikana nayo, ndipo poti tonse tinali chete, tinamva zonse.

"Bambo, musayang'ane pansi, yang'anani ine. Phazi lanu ndiligwira ndine, inu mungolilola."

"Ukandigwetsa, mnyamata iwe, ndidzakuzunza m'maloto."

"Sindinagwetsepo munthu. Koma poti tapezana awiriwiri, ndifunse. Tsiku lija munati tiona. Mwaona?"

"Ukundifunsa mbeta mumtengo?"

"Pansi mumandizemba."

Nthambi ya Bai Parvan inalira, kwee.

"Nditsitse, mwana wanga. Mtenge. Utenge ndi chitoliro chomwe."

Anatsika pang'onopang'ono, Kamen ali m'munsi mwawo, akuika phazi lililonse pamalo pake. Atagunda pansi anthu anaomba m'manja koposa poyamba. Nkhope yawo, manja, ngakhale tsitsi loyera lija, zonse zinali zothimbirira. Radoslava anawakumbatira akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Iwo anaweramitsa mutu kwa anthu ngati amaliza nyimbo, kenako anakhala pa benchi, osayang'ana n'komwe chimene chinalipo.

Mayi Nevena anakhala pambali pawo. Asanayankhule, bulosi limodzi lotsalira linagwa n'kutera pa phewa la bulauzi yoyera ija, thapsa. Iwo analitola, naliyang'ana, nalidya.

"Lokoma kuposa a kwathu," anatero. "Asewere, tsiku lija ndinadziwa pompo kuti ndi mabulosi. Pakhomo panga ulipo mtengo wotere, malemu amuna anga unawathera malaya ambiri. Buluku lija musataye. Mulikunge pa beseni, muthirepo madzi owira kuchokera m'mwamba."

"Ndalitaya kale, asewere."

"Ndinalitola ine," anatero Bai Spas. "Likundikwana bwino, ndikangovala jekete lalitali."

Masana onse tinaphika jamu pa mbaula ya gasi imene tinaitulutsa panja, mumphika waukulu wa Lelya Tsvetanka. Banitsa ija tinagawana, sinakwane. Bai Spas anapempha ndowa imodzi kuti akayese kutcheza rakiya, komiti inakana, koma ndowayo inasowabe. Khomo lililonse linalandira botolo la jamu, ndi eni magalimoto omwe.

Ukwati unachitika mu Sepitembala, ndipo chitoliro anaimba okha Bai Parvan, poti mkamwini sanachitenge. Pempho lawo lodula mtengo sanalibweze. Msonkhano uliwonse amakweza dzanja n'kunena kuti nkhani ya mtengo ikadalipo, Lelya Tsvetanka n'kuyankha kuti yamveka, tipite ku nkhani ina.

Masamba atayoyoka, a khonsolo anatulukira ndi galimoto ndi macheka awo kudzasadza mitengo ya m'dera lathu. Ndinali ndikukwirira maluwa kuopa chisanu pamene ndinamva phokoso. Bai Parvan anali ataima pansi pa mtengo wa mabulosi, chikhoti chili pa mapewa, akuloza ndi ambulera.

"Iyo ayi! Imeneyo ndiye imabereka kwambiri. Dulani youma iyo, kumanzere. Ndipo musang'ambe khungwa!"

Wogwira macheka anazimitsa injini, nawayang'ana.

"Bambo, mtengowu ndi wanu?"

"Wanga? Ine ndimadana nawo mtengo umenewu. Funsani aliyense."

"Ndiye tisiyeni tigwire ntchito."

"Gwirani. Ine ndingoima pano."

Anaimadi pomwepo mpaka galimoto inanyamuka, kenako anabwera kudzandibwereka wilibala kuti atute nthambi zimene anthuwo anasiya pa njira.