Mano Awiri Pansi pa Juzi ya Nima

Bhunte analuma mwana pa tsiku lake lenileni, tsiku la agalu, nkhata ya maluwa ili m'khosi.

Inali nyengo ya chikondwerero cha Tihar, pamene galu aliyense kuno ku Jorpati, wapakhomo ndi wam'misewu yemwe, amapakidwa kadontho kofiira pamphumi n'kupatsidwa chakudya ngati mlendo wolemekezeka. Mai Harimaya Khadka, mayi wamasiye amene ankasunga m'nyumba mwawo ana asanu ndi awiri a azimayi oluka makapeti, anati chaka chino ana aone nawo mwambowo. Anawandandalitsa pakhonde, aliyense duwa m'manja. Bhunte, galu wokalamba amene malemu amuna awo anamutola ali kamwana, anangokhala phee timanja tija tikumusisita. Kenaka Mai Harimaya anaika pansi mbale ya nyama ndi dzira lowiritsa, n'kutembenuka kuti akaphule tiyi.

Kutembenuka komweko basi. Nima, mtsikana wa zaka ziwiri ndi theka, anaona dzira lija n'kulowetsa dzanja m'mbale. Galu anangomuwakha kamodzi.

Pamkono panali timabowo tiwiri, magazi akutuluka pang'ono. Mai Harimaya ananyamula mwana. Anatapa chikasu chophikira, kusakaniza ndi mafuta a mpiru, n'kumata pabala monga ankachitira amayi awo kumudzi. Atatero anakokera pansi mkono wa juzi mpaka unaphimba zonse.

"Ndi galu wapakhomo uyu," anadziuza. "Ndiye lero wadalitsidwa kumene. Angadwalitse munthu lero?"

Koma ankadziwa zimene ankadziwa. Bhunte anali asanabayidwepo katemera chibadwire. M'mawa uliwonse ankapita kwa ogulitsa nyama kukalimbirana mafupa ndi agalu am'misewu, ndipo sabata ziwiri zapitazo anabwerako khutu litang'ambika.

Madzulo Rojina Tamang, mayi wa Nima, anabwera kudzatenga mwana, zala zili bii ndi utoto wa ulusi. Iye, monga azimayi onse a kufakitale, ankatcha Mai Harimaya kuti Didi, ngati mchemwali wake wamkulu.

"Didi, wasewera bwino lero?"

"Wasewera, wadya, wagona."

Za bala lija Mai Harimaya anazibisa. Mayi mmodzi akamva, onse amva. Onse akamva, ana asanu ndi awiri aja atha, nyumba ibwerera kukhala zii monga inakhalira amuna awo atamwalira. Mantha amenewo ndi amene anawatseka pakamwa, ndipo Nima anapita kwawo juzi ili chiphimbire.

M'mawa mwake mafakitale anali otseka. Anthu ankasesa makomo ndi kukonza nyali za chikondwerero pamene Rojina anatulukira ali wefuwefu, mwana ali paphewa.

"Didi! Tatulukani kuno!"

Anapinda mkono wa juzi. Bala linali litatupa, lofiira, chikasu chitaumirapo.

"Ichi n'chiyani?"

"Mwina anadzikanda pa waya..."

"Waya wake wokhala ndi mano? Nima, wakupanga ndani apa?"

"Bhunte luma," anatero mwana.

Rojina anafuula mpaka anthu anataya matsache. "Ndimakusiyirani mwana mmodzi yekhayu! Bambo ake akupsa ndi dzuwa ku Qatar chifukwa cha iyeyu, ndikawauza chiyani? Dzulo munandiyang'ana m'maso n'kunena kuti wasewera bwino. Inu, Didi, inu!"

Anthu anaunjikana. Wina anati galuyo aphedwe pompano. Wina anati, "Mu Tihar muno? Dzulo kumuveka maluwa, lero kumupha? Tchimo limenelo asenza ndani?" Mkangano uli mkati, Dhurba, woyendetsa kalole ka ndiwo zamasamba, anati iye akupita cha ku Sankhu, akhoza kukamutaya kumeneko. Mai Harimaya anaganiza kuti galu akachoka pamaso pa anthu, mkwiyo uchepa. Anamunyamula okha n'kumuika pakati pa madengu. Bhunte ankagwedeza mchira, akuyesa kuti ndi ulendo wokayenda. Mai Harimaya sanathe kuyang'ana lole ikukhota pakona.

Fumbi la lole lisanakhazikike anafika Tulasa Karki, mayi wodzipereka pa zaumoyo m'dera lathu, uja wovala nsalu ya sari yabuluu amene amayenda khomo ndi khomo. Tulasa sataya nthawi ndi phokoso. Analanda mwana, kupita naye pampopi, n'kuyamba kutsuka bala ndi sopo, madzi akuyenderera. Nima analira, Rojina analira, Tulasa sanasiye mpaka mphindi khumi ndi zisanu zinakwana.

"Izi zimayenera kuchitika dzulo, nthawi yomweyo," anatero. "Chikasu n'cha m'ndiwo, Didi. Galu ali kuti?"



"Tamutaya," anayankha Mai Harimaya.

Tulasa anagwira mutu. "Mayo ine! Mwataya mboni. Galu akaluma munthu samaphedwa, samatayidwa. Amatsekeredwa n'kumamuyang'anira masiku khumi. Akadutsa masiku khumi ali bwinobwino, timadziwa kuti malovu ake analibe chiwewe tsiku lolumalo. Nanga pano tidziwa bwanji?"

"Akakhala nacho?" anafunsa Rojina.

"Bahini, mng'ono wanga, sindikunamiza. Chiwewe chikangoonekera mwa munthu, palibe mankhwala. Koma chisanaonekere, katemera amachitsekereza. Tiyeni kuchipatala tsopano lino, osati mawa."

Kachipatala kam'dera kanali kotseka chifukwa cha chikondwerero, ndiye anadutsa mzinda wonse kupita kuchipatala chachikulu. M'basi Rojina anakana kukhala mpando umodzi ndi Mai Harimaya. Kuchipatala adokotala anabaya Nima mankhwala m'bala momwemo, kenaka katemera. Kulira kwake Mai Harimaya anakumvera panja, atatsamira khoma.

"Mubwerenso pakapita masiku atatu, ndiponso tsiku lachisanu ndi chiwiri," anatero adokotala. "Musadumphe ngakhale limodzi. Mwataya tsiku, koma simunachedweretu."

"Akhala moyo?" anafunsa Rojina.

"Katemerayu ndi wamphamvu. Koma galuyo mukanakhala naye, mitima yanu ikanakhala pansi msanga."

M'mawa mwake Mai Harimaya anakwera basi ya ku Sankhu. Dhurba anali atawauza kuti anamutsitsa pafupi ndi mlatho. Anafunsa mayi wina amene ankamweta mpunga m'munda.

"Simunaoneko galu wofiirira, wa nkhata ya maluwa m'khosi ndi kadontho kofiira pamphumi?"

Mayiyo anaseka mpaka kukhala pansi. "Amayi, sabata ino? Tayang'anani uyo, ndi uyo, ndi uyo ali apoyo. Mwina mundifunse za galu wopanda nkhata!"

Zinali zoona. Chigwa chonse chinali agalu a nkhata okhaokha. Anayenda mpaka mapazi kutupa, kuitana "Bhunte! Bhunte!" ana akuwaseka kumbuyo. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi.

Chikondwerero chinatha, mafakitale anatsegula, koma pakhomo pa Mai Harimaya sipanafike mwana ngakhale mmodzi. Timakapu tisanu ndi tiwiri tinangokhala pashelefu. Tulasa ndi amene ankabwera ndi nkhani, ndipo nkhani zake sizinali zabwino. Rojina anali atasiya kupita kuntchito. Ankangokhalira kupatsa Nima madzi akumwa, chifukwa anamva kuti wachiwewe amaopa madzi. Mwana akakana kapu chifukwa wakhuta, Rojina ankagwa pansi n'kumakuwa.

Mai Harimaya sankafunika kuuzidwa za chiwewe. Ali mtsikana kumudzi kwawo, anaona mnyamata wamphamvu atatsekeredwa m'khola, akukuwa masiku atatu, abale ake akulira panja osayerekeza kulowa. Tsopano akatseka maso, m'kholamo ankaonamo Nima. Atakhala pamzere wa munda wa mpunga tsiku lachinayi la kufufuza, analira mokweza ngati pamaliro. Galu wa amuna awo anamutaya okha. Mwana wa eni anamubisira imfa m'juzi okha. Panalibe wina woti amuloze chala.

Patatha masiku asanu ndi awiri chilumire, mayi wogulitsa tiyi pamphambano anawamvera chisoni. "Mwati khutu long'ambika? Alipo galu wokalamba pamalo oimikira malole apo. Lole iliyonse ikaima amadzuka, kununkhiza, n'kubwerera kukagona."

Anali Bhunte, nthiti zili pamtunda. Maluwa onse anali atayoyoka, m'khosi mutatsala kachingwe kokha. Mai Harimaya anafuna kumukumbatira, koma anakumbukira chenjezo limene Tulasa anawapatsa lakuti akamupeza asamugwire kukamwa. Anamumanga chingwe. Oyendetsa mabasi onse anakana kukweza galu, ndiye anayenda naye pansi mpaka ku Jorpati, awiri okalamba kutsimphina m'mbali mwa msewu.

Anamutsekera m'kachipinda ka nkhuni. Dokotala wa ziweto anabwera, kumuyang'ana, n'kunena kuti ayembekeze masiku atatu otsalawo. Masiku amenewo anatalika ngati chaka. M'mawa uliwonse Mai Harimaya ankasuzumira pakampata ka chitseko akuopa kuona thovu kukamwa. Tsiku lakhumi Bhunte anadya mpunga wake wonse, kunyambita mbale, n'kuyasamula.

Tulasa ndi amene anakauza Rojina. Nima anali atamaliza kale katemera wake yense. Rojina anangokhala pansi pakhomo, kapu yamadzi ili m'manja, n'kulira mpaka kutopa.

Madzulo amenewo Tulasa anakhala ndi Mai Harimaya pakhonde, tiyi akuzizira.

"Galuyo ndimupereke kwa wina?" anafunsa Mai Harimaya.

"Sindinanene zimenezo. Koma nyumba ino si yanu nokha ndi Bhunte, Didi, ndi ya ana a eni. Abayidwe katemera chaka chilichonse, khadi lake mulipachike poonekera. Mumumangire mpanda wake kuseri. Azidya yekha, ana atapita kapena asanabwere. Galu aliyense, kaya ndi wofatsa chotani, pambale yake sadziwa mwana. Ndipo mwana ndi chiweto osawasiya awiriwiri, ngakhale kungokaphula tiyi."

"Nanga pa tsiku la agalu?"

"Muvekeni nkhata nokha, ana aziombera m'manja ali uko kwa mpanda. Madalitso afika ndithu."

Anachita zonsezo. Mpanda wa nsungwi unamangidwa, khadi la katemera linapachikidwa pafupi ndi chithunzi cha malemu amuna awo. Tulasa anayenda m'makomo kufotokoza. Pang'onopang'ono ana anayi anabwerera. Awiri sanabwererenso mpaka lero.

Nima sanabwere kwa miyezi iwiri. Rojina ankapita naye kufakitale n'kumukhazika pansi pa makina olukira, mpaka mwana anayamba kutsokomola ndi fumbi la ubweya. M'mawa wina wozizira, Mai Harimaya atatsegula chitseko, anapeza Rojina ataima, mwana ali kumanja. Rojina anayang'ana mpanda, kuyang'ana khadi, kenaka kuyang'ana Mai Harimaya.

"Galuyo ndinamukhululukira kalekale," anatero. "Ndi galu, anateteza dzira lake. Chimene chikanapha mwana wanga si mano ake, Didi. Ndi mkono wa juzi umene munakokera pansi uja."

Mai Harimaya anangotambasula manja, ndipo Nima analowamo.

Chiyambire tsiku limenelo, mukafika kwa Mai Harimaya madzulo kudzatenga mwana, muyenera kudikira pang'ono. Amapinda manja a juzi a mwana aliyense, kukweza miyendo ya buluku, mayi ake akuona. Kabala kakang'ono kalikonse amakatchula, ndi kunena kuti kabwera bwanji, nthawi yanji. Mayi watsopano wina anaseka n'kufunsa kuti mwambo umenewu ndi wa chiyani.

"Bahini, m'nyumba muno muli galu, ndipo uyenera kudziwa zimenezo usanandisiyire mwana," anatero Mai Harimaya. "Ndi wobayidwa katemera, amakhala kuseri kwa mpanda, sadya pomwe pali ana. Koma chiweto chikaluma kapena kukanda mwana wako, nditsuka bala ndi sopo mphindi khumi ndi zisanu, ndithamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo, chiwetocho ndichisunga masiku khumi, ndipo iwe ndikuuza nthawi yomweyo. Ngakhale undikalipire, ngakhale umuchotse mwana kuno, ndikuuza."

Nima anali chapafupi akuvala nsapato. Atamva za manja, anapinda yekha juzi yake n'kuonetsa mayi watsopanoyo tizipsera tiwiri toyera pamkono.