Filomena ndi Sipoko ya Njinga

Amuna anga a Uladi ndi munthu wabwino, koma amamvera wailesi kuposa mkazi wawo. Mu Okotobala 1992 wailesi italengeza kuti aku Mozambiki asayinirana mtendere, iwo anangoti basi, mitengo ya chigafa cha fodya yapezeka. Kwathu kuno, kuseri kwa Namwera, mitengo inali itatha, pomwe tsidya la malire nkhalango inali itakhala zaka osaiona nkhwangwa.

"Musapiteko," ndinatero. Andimvere ndani? M'mawa mwake anatengana ndi mnzawo a Jaffalie, galu wathu pambuyo.

Dzuwa lisanafike pamutu tinangomva kuti phuu! Ndinali pamtondo ndi Filomena, mayi wothawa nkhondo amene tinampatsa kamalo kuseri kwa khola lathu zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Iye anaika munsi pansi.

"Limenelo ndi bomba lokwirira," anatero.

A Jaffalie anafika ali wefuwefu. Galu waponda bomba, watha. Iwo anapulumuka chifukwa anatsalira pamiyala, koma a Uladi ali pakati pa dambo, angoima chilili, akuopa kusuntha phazi.

Yarabi! Ndinayamba kulira. Filomena sanalire nane. Anazula sipoko pa gudumu lakale la njinga, natapa ufa m'mbale, ufa wake wa thandizo womwe anali kuupima ndi chikho, n'kuti, "Achemwali, tiyeni."

Tinapeza amuna a m'mudzi ali mbuu m'mphepete mwa dambo, aliyense ndi nzeru zake. Wina akuti tiponye chingwe. Wina akuti tipitikitsiremo ng'ombe. Wina akuti tithamangire kupolisi, ngati kuti kupolisi n'kuseri kwa nyumba. Kutali uko amuna anga ali chiimire, nkhwangwa idakali paphewa, magazi akuyenderera pa katumba pomwe kachitsulo ka bombalo kanawalasa. Tonse tinadziwa kuti chizungulire chikawagwira n'kugwa, akhoza kugwera pa lina.

"Komatu nkhondo yatha," anadandaula a Jaffalie.

"Yatha pa wailesi, abambo. Nthaka sinamve," anayankha Filomena. Anamanga chitenje mothina, n'kugona chafufumimba.

Ine sindinaonepo munthu wofatsa chotero. Ankalowetsa sipoko m'dothi mopendeketsa, osati choimika, pang'onopang'ono, ngati akufufuza munga kuphazi la mwana. Akabaya malo okwana phazi limodzi, ankathirapo ufa, n'kukwawira patsogolo. Sipoko itagunda chinthu cholimba, anaima. Anakankha dothi ndi zala, tinaona kachinthu kobiriwira kakusuzumira. Anamanga mfundo pa udzu wapafupi, n'kulambalala.

"A Uladi!" anakuwa osadzutsa mutu. "Nkhwangwayo musaiponye pansi. Yang'anani kwa akazi anu, osati kumwendoko."

Anandiyang'anadi. Ndinafuna kuwakalipira, ndinafunanso kulira, koma ndinangowaimira pomwe akanatha kundiona. Dzuwa la Okotobala linatiwamba tonse. Filomena anapeza bomba lachiwiri, kenako lachitatu, ili litatsala mkono umodzi kuchokera pa chala cha amuna anga. Mtunda womwe munthu angayende asanamalize moni, iye anaukwawa mpaka nthawi ya swala, pemphero lathu lamadzulo.

Atawafika anaimirira, nawalanda nkhwangwa ngati akulanda mwana mpeni.

"Gwirani chitenje changa. Pondani pa ufa pokhapokha."

Anabwera choncho, mayi wamfupi patsogolo, bambo wandevu pambuyo atagwira nsalu yake, phazi ndi phazi. A Uladi atafika pamiyala anangoti khu, kukhala pansi, n'kuyamba kulira pamaso pa amuna anzawo. Palibe anaseka. Ndinang'amba mpango wanga kuwamanga pabalapo, ndipo ndikuuzeni, ndinamanga mothina dala.

Filomena anakakhala payekha pamwala. Apa ndi pomwe sipoko inamupulumuka m'manja n'kugwa. Ndinamgwira. Zaka zonsezo tinkapemphana moto ndi mchere, koma sindinamfunsepo za kwawo.

"Unaziphunzira kuti zimenezi?"

"Tsiku lomwe ankalimbirana boma lakwathu," anatero. "Olilondera anakwirira mabomba kuzungulira tauni yonse. Ofuna kulilanda anatigwira kumunda, akazi khumi ndi awiri, n'kutiika patsogolo kuti tiwatsegulire njira. Boma linagwa tsiku lomwelo, ndipo anthu onse a chigawo chathu anayamba kuthawira kuno. Mwa khumi ndi awiri aja tinatsala atatu."

Mtima wanga unadzaza, ndinanyadira kuti mayi ameneyu amakhala pabwalo langa.

Anapukuta dothi kumaso, nayang'ana damboli.

"Tsiku lija anali kundikankha ndi mfuti kumsana, achemwali. Lero palibe wandikankha."