Njerwa za a Quintino

A Bertina anatuluka m'khola atafumbata anapiye asanu ndi mmodzi m'chitenje, onse ali gwa, timiyendo tatambasuka. Anawayala pakhonde. Dzulo lake anafa khumi ndi mmodzi. Amuna awo, a Quintino, anali atagona kumanda masiku atatu okha, ndipo anapiye mazana atatu amene anasiya anayamba kale kuwatsatira.

Ku Tsangano mwezi wa Juni chisanu sichiseka ndi munthu, nanji mwanapiye. A Quintino, pokhala wamagetsi, anamanga mulu wa njerwa pakati pa khola, mawaya otenthetsa ali m'kati. Masana, anthu ali kumunda, njerwazo zinkamwa magetsi, ndipo dzuwa likalowa zinkatulutsa kutenthako pang'onopang'ono mpaka kucha. Pakhoma lakunja panali kabokosi kangati ka machesi kamene ankakatcha mphuno. Kakamva chisanu chambiri, njerwa zinkamwanso kwambiri. Koma kuyambira tsiku la maliro njerwazo zinali zii.

"Mlamu, zinthu izi zapita ndi mwini wake," anatero a Orlando, mng'ono wa malemu, mlimi wa fodya wa ku Furancungo. "Ine moto ndimaudziwa. Tiike mbaula ziwiri za makala, basi."

"Makala ayi!" anatero a Bertina. "Chaka chijachi utsi unatipululira khola lonse. Akulu anu analira ngati mwana."

"Nanga tingoyang'ana akutha?"

Leonor, mwana wamkulu wa malemu, anali atatsegula kale bokosi la mawaya m'kholamo. Anakula akugwirira bambo ake makwerero, ndipo ku Tete kumene anakwatiwa amakonza mafiriji. Anasuzumira pagalasi la manambala, n'kuseka koyamba chifikire.

"Bambo aang'ono, tabwerani muone. Mphuno ikuti kunjaku kuli trinta e oito graus, kutentha kwa mu Okutobala."

"Trinta e oito? Ine ndavala majekete awiri!"

"Ndiye wina akunama. Ndipatseni mpaka dzuwa lipendeke. Zikakanika, ndikakoleza ndekha mbaulazo."

A Orlando anati ngati vuto ndi mphuno ndi kawotchi ka m'bokosimo, azidule zonse, alumikize njerwa molunjika zizimwa tsiku lonse. Leonor anakana. Kawotchiko kankadula magetsi a njerwa ikakwana faifi madzulo, nthawi imene mudzi wonse umayatsa. Popanda iko, mababu a anansi ankachita chizimezime, ana osaona n'kope lomwe. A Quintino anakaika okha, palibe anawadandaulira.

Leonor anatsata waya wa mphuno ndi chala, kutuluka naye pazenera, kuzungulira kuseri kwa khola. Kumeneko anaima, manja m'chiuno. Abale inu! Phulusa linali mulu, zitsa zopserera zili mbwee, khoma lili bii mpaka kudenga. Apa ndi pamene amuna a pamaliro anakunga lona kutchinga mphepo n'kusonkha chimoto cha masiku atatu, ndendende pansi pa kabokosi kaja. Kanamva moto, kakati kwatentha. Kenako pulasitiki wa mawaya anasungunuka, mawaya awiri n'kukumbatirana, bodza lija n'kukhazikika.

"Anasonkha pano ndani?" anafunsa Leonor.

A Orlando anakanda m'mutu momwe anali atangometa. "Pamalo pake panali pabwino, mwanawe. Mphepo simafika."

"Ee, simafikadi."

Manyazi anawagwira bambowo, koma sanathawe. Anakatenga okha makwerero n'kuwagwira ndi manja onse awiri. Leonor anakwera, pulayala ya bambo ake ili m'kamwa. Anadula waya wopsayo, n'kusenda watsopano, kupota nsonga zake ndi kumanga zomangira. Mphunoyo anaipukuta mwaye ndi mpango wake wa maliro n'kuikhomera pamwamba, pamthunzi, pamene mphepo ya kum'mwera imamenya.

"Amayi, tawerengani pagalasipo!"

A Bertina anafuula ali m'khola: "Nove! Madigiri naini basi!"

M'bokosi munamveka kuti tha! Njerwa zinayamba kung'ung'uza.

Kudikira kwake kunatalika. A Orlando ankalowa, kugwira njerwa, kutuluka, kulowanso, ngati munthu woyembekeza mkazi kuchipatala. Dzuwa litapendeka anagwiranso, n'kuchotsa dzanja msangamsanga.

"Mayo! Zikuotcha! Mlamu, zikuotcha!"

Anapiye amene anaunjikana pakona anayamba kumwazikana, ena kukajompha chakudya, ena kugona chotambalala mozungulira njerwa. A Bertina anaimba nthungululu, pakhomo pamene dzana panali kulira kokhakokha. Anansi anathamangira kudzaona, ndipo a Orlando ndiwo ankafotokozera aliyense za mphuno, ngati anaipanga ndi iwo. Tsiku limenelo sipanafenso mwanapiye, ngakhale mawa lake.

Potseka bokosi lija, Leonor anaona mawaya ena awiri opindidwa bwino, osalumikizidwa paliponse. Pa tepi yake panalembedwa ndi pensulo, m'malembo opendekera a bambo ake: Bertina. Anawatsata. Anadutsa pansi pa denga, kulowa m'nyumba yaikulu, kutsikira kuchipinda cha makolo ake, n'kukathera m'kamulu ka njerwa pafupi ndi bedi, mbali imene amagona mayi ake.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Poika sutikesi. Anamanga sabata imene anayamba kudwala."

"Sutikesi imafuna magetsi?"

A Bertina anasisita bondo. Chaka chilichonse chisanu chikafika mawondo awo ankatupa, ndipo ankabisa, poopa kuvutitsa munthu amene anali kale ndi zambiri.

M'mawa mwake Leonor anayeza mawayawo, n'kuwalumikiza. Madzulo kawotchi katadula magetsi, mababu a mudzi akuwala bwinobwino, a Bertina analowa kuchipinda. Anatsitsa sutikesi, anakhala pansi, n'kugunditsa mawondo onse awiri panjerwa zofundazo.

"Wabodza iwe," anatero chapansipansi, akuseka, misozi ili chuchuchu. "Ati poika sutikesi."