Mawilo Achitsulo a Loweruka

"Amenewo uyambe wawasiya, mwanawe," anatero Bambo Terpstra, mwini sitolo ya tisitima toseweretsa toyenda m'munda, ataona Wietske atakumbatira kale kabokosi ka mawilo achitsulo. "Sitima ya bambo ako imayendera chiyani? Nthunzi, mabatire, kapena magetsi odzera m'njanji?"

"Imangoyenda basi. Tamvani kulira kwake!" Wietske anagubuduza mawilo awiri achitsulo patebulo, ndipo mawilowo analira ngati belu lakutali.

"Kulira si kuyenda. Ngati magetsi amadzera m'njanji, ufunika mawilo okhala ndi kapulasitiki pakati. Amenewo andithera, abwera Lachitatu."

"Bambo akutuluka m'chipatala Loweruka lino."

"Ndiye kawafunse kaye. Safunsa anadya phula."

Kuwafunsa kukanaulula chinsinsi cha mphatso yakeyo. Wietske anayang'ana mawilo aja.

"Ndakumbukira," ananama. "Ndi mabatire."

Ali panjinga kubwerera kwawo, m'maganizo mwake sitima inali ikuyenda kale. Mawilo akale apulasitiki anapindika ndi dzuwa, moti mabogi ankagwa nthawi zonse pokhota pafupi ndi dziwe la nsomba. Tsopano bambo ake, a Sjoerd, amene anagona m'chipatala miyezi itatu atafa dzanja lamanja, adzaona mabogi asanu ndi limodzi akudutsa pamenepo osagwedezeka. Mwina adzalira. Iye adzanamizira kuti sakuona.

Loweruka masana mayi ake, a Aukje, anakankhira a Sjoerd panjinga ya odwala mpaka pakapinga, nabweretsa khofi ndi keke.

"Injiniya wathu sanadye chiyambire m'mawa," anatero. "Muombe m'manja ngakhale sitimayo itagwera m'dziwe."

"Ndiomba ndi dzanja limodzi," anaseka a Sjoerd.

Wietske anaika mabogi panjanji, napotoza kachitsulo ka pabokosi lathabwa lotumiza magetsi, limene bambo ake analipanga okha iye asanabadwe. Bokosilo linang'ung'udza. Sitima sinasunthe. Iye anapotozanso mpaka kumapeto.

"Zimitsa!" anakuwa a Sjoerd.

Utsi unali utayamba kale kutuluka m'timabowo ta bokosilo, fungo la mawaya opsa lili guu.

"Tandipatsa bogi imodzi," anatero a Sjoerd. Anaitembenuza pamiyendo pawo, naiyang'anitsitsa. "Chitsulo chokhachokha, kuchokera wilo ili mpaka ilo. Walumikiza njanji ziwiri zonse, magetsi angowombana. Terpstra wakalamba eti? Kukugulitsa zimenezi osafunsa?"

"Anafunsa, bambo." Mawu a Wietske anatuluka pang'onopang'ono. "Ndinawauza kuti ndi mabatire. Enawo akanafika Lachitatu."

"Lachitatu ndikanakhala nditapita kuti?"

A Aukje anayamba kudula keke imene panalibe woifuna.

"Koma bokosili mulikonza, si choncho?" anafunsa Wietske. "Munalipanga ndinu."

A Sjoerd anapempha sikuludiraiva. Anaigwira ndi dzanja lamanzere, nayesa kuilowetsa m'kamutu ka sikuluwu ya pachivundikiro. Inaterereka. Anayesanso, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba. Kachitatu inapulumuka n'kugwera m'kapinga.

Wietske anawerama kuti aitole.

"Isiye pomwepo," anatero bambo ake mofatsa. "Aukje, ndilowetse m'nyumba. Kwazizira."

Dzuwa linali likuswa mtengo. Wietske anakhala pansi m'mbali mwa njanji, natenga bogi yoyamba, nayamba kuchotsa mawilo aja limodzilimodzi.