Nyemba za M'mabotolo

Loweruka m'mawa Mayi Ezeliya Kamwendo analowa m'kalasi ya Sitandade 6 kudzathirira nyemba za ana amene ankawaphunzitsa, napeza pazenera pali mbee. Mabotolo onse makumi awiri palibe. Pansi panali posesa bwino, mphasa zitayalidwa.

Kwa masabata atatu ana ankasamala nyemba zimene anabzala m'mabotolo odula pakati, ena a dothi la pachulu, ena la kudambo, ena a mchenga, ndipo tsiku lililonse ankayeza kutalika kwake. Ahedi sankazifuna zimenezi. "Kalasi si dimba," ankatero. Anali atanena kuti Lolemba, mlangizi wa masukulu akadzabwera kuchokera ku Nsaru osaona chanzeru, basi, onse abwerere ku choko ndi bolodi.

Tsono mawa lake linali la Mgonero, ndipo Akhristu ochokera kutali amagona m'makalasi. Osesa anali amayi a Chigwirizano. Ezeliya anawapeza kuseri kwa tchalitchi akuimba, uku akutsuka tizikho.

"Mayi Zelifa! Mabotolo anga ali kuti?"

Zelifa, wapampando wawo, sanadzuke n'komwe. "Zinyalala zija? Zili kudzala, aphunzitsi. Alendo a Ambuye agone ndi matope?"

"Zinyalala! Munafunsa ndani? Akanakhala mabuku mukanataya? Koma poti ndi dothi, eti? Mulungu analiumba ndi manja ake, inu mwati nyansi!"

"Nyemba zochepazo mpaka kukalipa chonchi?" anatero Idah, mmodzi wa amayiwo. "Bwerani kwathu ndikupatseni chitini chodzaza."

Amayi anaseka. Ezeliya anawatembenukira onse.

"Sekani. Ana anu omwe akamalephera mayeso mumati aphunzitsi ndi aulesi. Lero agwira kanthu ndi manja awo, mwakataya ndinu amayi awo!"

Anapita kudzala. Mabotolo anali m'phulusa, nyemba zina zitathyoka. Zambiri zinali zamoyo, koma timapepala tosonyeza mtundu wa dothi tinali titamatuka, ndipo phulusa linadetsa zonse mofanana. Popanda timapepalato, ana akanaonetsa chiyani? Anafuna kupemphera, mawu osabwera. Mawa adzayandikira bwanji gome la Ambuye ndi mtima wotere?

Anamva mapazi kumbuyo. Zelifa anamanga chitenje, natsikira m'dzalamo. Anatola botolo, natapa dothi la pansi, nalifikisa ndi zala.

"Ili likumata, n'lapachulu. Ili lakuda lofewali n'lakudambo. Ili likukhukhuza, mchenga."

Anawaika m'magulu atatu. Opulumuka anali khumi ndi anayi.

"Musayese kuti zatha," anatero Ezeliya. "Lolemba mubwere. Mudzawauze ana nokha kumene kwapita enawo. Ndipo zimene mwachita ndi zalazo mudzawaonetse."

"Ine wolekeza Sitandade 2?"

"Inu nomwe."

Lamulungu awiriwo anadya Mgonero pa benchi imodzi, osayang'anana.

Lolemba mlangizi anapeza ana ali matope mpaka m'zigongono, atazungulira Zelifa, akukangana za dothi. Anakhala nawo mpaka belu. Potuluka anauza ahedi kuti makalasi enanso ayambe zomwezo.

Ezeliya anabweza mabotolo pazenera, nalemba pakhoma ndi choko, zilembo zikuluzikulu: OSASESA PANO. Zelifa anafunsa mwana kuti amuwerengere, ndipo anangoti, "Tamva, aphunzitsi."